Nambala imene ndinawauza ankolo Kachingwe

Loweruka lapitali tinali ndi mapemphero kunyumba ku Wigston, kuno kudziko la azungu, pokumbukira kuti patha chaka chathunthu ankolo Kachingwe atatisiya. Anthu anadzaza pabalaza mpaka ena anakhala pamasitepe. Azakhali anandipempha kuti ndinene mawu awiri atatu, popeza ndine amene ndinkapita nawo kundege yawo. Ndinaimirira, ndinathokoza onse chifukwa chobwera, kenako ndinakhala pansi. Amayi ena a kumpingo anati mwanayu chisoni chamulepheretsa kulankhula. Sichinali chisoni chokha. Zimene ndinalephera kunena ndazilemba pano, ndipo mundikhululukire ngati penapake sindinalembe bwino.

Ankolo anali amuna awo a azakhali anga, alongo awo a bambo anga. Ine ndinachokera kwathu ku Ntcheu kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo iwo anandipatsa kachipinda kam'mwamba. Za ine ndi zomwezo.

Ankolo anali munthu wamfupi, wa manja aakulu kuposa thupi lawo. Ovolosi ankavala, koma mkati mwake munkakhala shati yositidwa ndi tayi, chifukwa ankati ndege siyandikiridwa ndi munthu wovala ngati akupita kudimba. Asanagwire chitsulo chilichonse ankayamba achinunkhiza. A Malawi a ku Leicester ankawatchula kuti a Payiloti, ndipo si onse amene ankatero mwaulemu. Pamaukwati achinyamata ankawafunsa kuti tikiti ya ku Chileka ndi zingati pandege yawo. Iwo ankaseka nawo, kenako n'kutulutsa foni kuyamba kuwaonetsa zithunzi za mapiko mpaka ofunsawo atathawa.

Ndegeyo anaipanga okha m'garaja, zaka khumi ndi chimodzi. Injini anaichotsa m'galimoto ina ya ku Japan imene inachita ngozi. Inali injini ya rotare, yopanda mapisitoni: mkati mwake muli zitsulo za makona atatu zimene zimangozungulira. Ankakonda kunena kuti pisitoni ndi munthu wa mitima iwiri, amakwera kenako n'kusintha maganizo n'kutsika, pamene rotare ikayamba ulendo sitembenuka. Koma ankavomereza kuti ndi injini yaukali. Paipi yake yotulutsira utsi inkatentha mpaka kufiira, ndipo petulo wake ankafunika kusakaniza ndi oyilo pang'ono, amene ankayeza ndi kakapu komwera mankhwala kamene anatenga m'chikwama cha azakhali.

Azakhali ndi namwino, ndipo ndegeyo sanaikondepo. Tsiku lina anabwera kushifiti n'kupeza zitsulo zili mu uvuni, ankolo akuziwumitsa penti. Keke ya ubatizo imene anaphika mawa lake inkanunkha garaja, ndipo nkhani imeneyo inatha mwezi. Koma mkangano waukulu unali wa mpando.

"Mpando umodzi, a Kachingwe? Zaka zonsezi galimoto yanga ikugona pamvula chifukwa cha chinthu cha mpando umodzi?"

"Inu mukanakwera?"

"Ine? Sindinapenge."

"Ndiye wachiwiriwo ndikanaikira ndani, abusa?"

Azakhali anatseka chitseko mwamphamvu, koma ndinawamva akuseka kukhitchini.

Chifukwa chenicheni cha mpando umodziwo ankolo anandiuza ine m'galimoto. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa esiteti ina ku Thyolo, pamene pankatera kandege kopopera mankhwala m'minda. Iwo ndi amene ankakathira mafuta, kukatsuka ndi kukakonza. Woyendetsa wake akamva kaphokoso kachilendo ankaitana iwo. Zaka zisanu ndi zitatu anakagwira kandegeko paliponse kupatula pampando. Kakanyamuka ankaimirira m'mphepete mwa bwalo, nsanza ili m'manja, kukayang'ana mpaka katazimiririka kuseri kwa phiri. Atabwera kuno kutsatira azakhali, anapeza ntchito pafakitale ina ku Loughborough, ndipo Loweruka lililonse ankapita kukaphunzira kuyendetsa ndege mpaka anapatsidwa laisensi ali ndi imvi. Koma ndege zobwereka sankaziwerengera. Ankafuna kuuluka kamodzi kokha m'chinthu chimene manja awo anapanga, ali okha, popanda wina pambali wowauza zochita.

Ine nditafika, ndegeyo inali itachoka m'garaja. Inali m'shedi ya mlimi wina kum'mawa kwa Leicester, amene ali ndi bwalo lalitali la udzu lonyamukirapo tindege ting'onoting'ono. Zonse zinali zitatha. Chinatsala ndi chakuti woyendera ndege zopanga pamanja abwere, aione ikulira bwino, asaine. Ndipo chimene chinkaletsa chinali geji imodzi.

Gejiyo imaonetsa kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo amene injini ikudya. Imatenga uthenga kwa sensa, kachitsulo komangidwa papaipi ya utsi kamene kamanunkhiza zotuluka. Ankolo anandifotokozera kuti injini ikakhala pamoto wonse, gejiyo iyenera kunena thwelofu ndi hafu. Nambala ikakwera ndiye kuti petulo wachepa, injini ili ndi njala, ndipo injini yanjala imatentha n'kufa m'mwamba. Yawoyo inkanena sikisitini, nthawi zina seventini.

Tinayamba mu Epulo. Mchira wa ndege tinkaumangirira ndi chingwe kuthirakitala yakale ya mlimiyo. Ine ndinkakhala pampando, mapazi pamabuleki, ndipo iwo ankaima pambali pa phiko ndi kabokosi kowonjezerera kapena kuchepetsera petulo. Tonse tinkavala mahedifoni olumikizana ndi waya, chifukwa phokoso lake linkagwedeza mano. Iwo akati "Moto wonse!" ndinkakankha kandodo mpaka kumapeto, n'kuwerenga nambala, n'kuilemba m'kope. Anandiuza kuti malo awo ndi pafupi ndi injini chifukwa ayenera kuimvetsera. Ndinakhulupirira.

Anasintha sensa, nambala sinasinthe. Anagula ina. Anachotsa mawaya onse n'kuikanso atsopano. Anasintha pampu ya petulo, anatsuka sefa, anakangana pafoni ndi munthu amene anawagulitsa gejiyo. Sabata iliyonse ankawonjezera petulo pang'ono, ndipo m'malo motsika nambala inkakwera. Mapulagi ankatuluka akuda bii, iwo n'kumati ndi oyilo uja wosakaniza. Nthawi ina anaima kumbuyo kwa ndege, ananunkhiza, n'kunena kuti akumva fungo la petulo wosapsa. Anaganiza kanthawi, kenako anati mphuno yawo yakalamba, ndipo woyendera sasaina mphuno ya munthu, amasaina manambala.

Injini ikazizira, iwo ankapita kukamwa tiyi ndi mlimi uja. Ine sindinkadziwa zocheza ndi azungu, choncho ndinkatsala ndi nsanza. Kwathu anatiphunzitsa kuti chiwiya cha munthu wamkulu suchisiya ndi mwaye. Ndinkapukuta mapiko, galasi, matayala. Pansi pa paipi ya utsi, pafupi ndi pamene anawotcherera, pankakhala kamzera kakuda kotalika ngati chala. Sabata iliyonse kankabweranso, ndipo sabata iliyonse ndinkagwada n'kukakwecha ndi sitiliwulo mpaka chitsulo chitawala. Ankolo akabwerako ankayendetsa dzanja pansi ponse n'kuyang'ana chikhatho chawo.

"Esinati, ndege yanga mwaisandutsa mbale ya alendo. Akumudzi anakulerani."

Mawu amenewo ndinkawanyamula sabata yonse.

Mu Epulo ankayendetsa okha galimoto ndipo kope lija ankaliwerenga okha. Mu Julayi anayamba kunena kuti ndiziwawerengera chifukwa ndimalemba timalemba ta nyerere. Mu Ogasiti anandipatsa makiyi, n'kunena kuti laisensi yanga yatsopano idzachita dzimbiri ndikapanda kuyendetsa. Matenda a shuga anali nawo kuyambira kale, tonse tinkadziwa. Zoti afika m'maso sanauze munthu, ngakhale azakhali. Ankapita kuchipatala pabasi n'kumati akukasintha magalasi.

Loweruka loyamba la Okutobala, tili m'njira, anandiuza kuti woyendera uja, bambo wina wachikulire dzina lake Derek, abwera sabata yotsatira. Akapanda kusaina ndiye kuti mvula iyamba, bwalo lidzaza madzi, ndipo palibe ndege imene imanyamukapo mpaka chisanu chitatha. Tinadutsa mudzi wina wonse. Kenako anati chaka chamawa chili kutali kwambiri. Sindinafunse tanthauzo lake. Sindinkafunsa.

Tsikulo injini tinailiza katatu. Ulendo woyamba ndinati seventini. Anapotokola kabokosi kaja. Wachiwiri ndinati seventini ndi pang'ono. Anavula mahedifoni, anapukuta nkhope ndi tayi yawo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kuvalanso.

"Moto wonse."

Ndinakankha. Ndege inkakoka chingwe ngati ng'ombe yokana khola. Geji inkanena seventini.

"Ikuti bwanji, mwanangu?"

Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala ndikuwapatsa nambala imene inkawagwetsa nkhope, ndipo Loweruka lililonse ndinkabwerera kunyumba ngati ndawalakwira ine. Ndinayang'ana dzanja lawo litagwira m'mphepete mwa phiko.

"Thwelofu ndi hafu, ankolo."

Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anamenya phiko ndi chikhatho, anafuula dzina la amayi awo amene anamwalira kalekale. Tsiku limenelo sanapite kukamwa tiyi, ndipo ine sindinapukute kanthu. Tinakankhira ndege m'shedi mofulumira, tinaima panjira kugula nsomba ndi tchipisi za anthu atatu. Kunyumba anawagwira azakhali m'chiuno n'kuzungulira nawo m'khitchini, iwo akukuwa kuti awasiye, ali ndi yunifolomu.

Ndinati ndiwauza zoona Lamlungu tikabwerako kutchalitchi. Kutchalitchi anaimirira kupereka umboni. Ndinati ndiwauza Lolemba. Lolemba anasita tayi. Lachitatu ndinafika mpaka pakhomo la pabalaza, iwo anakweza mutu n'kufunsa ngati ndikufuna kanthu, ndipo ndinati ndimafuna kudziwa ngati amwa tiyi. Mumtima ndinkapemphera kuti mwina gejiyo idzatsika yokha.

A Derek anafika m'mawa, munthu wamtali wofatsa, wovala kapusi. Anazungulira ndege, anagwedeza mapiko, anayamikira mawotcheredwe a m'mwamba. Kenako anati mwini wake ndiye akhale pampando. Anatenga mahedifoni anga, anaima pambali akuyang'ana mageji, ndipo ine ndinakaima kuthirakitala. Sindinkamva zimene ankalankhula. Ndinaona a Derek akuloza gejiyo, ankolo akugwedeza mutu uku akumwetulira. A Derek analozanso. Kenako anapereka chizindikiro choti azimitse.

Kutakhala zii, a Derek anafunsa m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, kuti ankolo anati gejiyo imanena zingati.

"Thwelofu ndi hafu," anatero ankolo, mosakayika.

"Imanena seventini. Nthawi yonseyi."

Ankolo anaseka pang'ono, n'kunena kuti mwina ndi dzuwa pagalasi. A Derek sanaseke. Analoza geji ina, ya kutentha kwa oyilo, n'kuwapempha kuti aiwerenge. Ankolo anaweramira kutsogolo. Anaweramanso mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi. Anapendeketsa mutu kuti ayang'ane ndi ngodya ya diso. Tinadikira. A Derek anavula kapusi n'kuyamba kuipinda m'manja.

Pamenepo ankolo anatembenukira kumbali imene ankaganiza kuti ndaima. Sanalunjike bwino, anayang'ana tayala la thirakitala.

"Esinati?"

"Wawa, ankolo."

Sanafunsenso china.

A Derek, mwina pofuna kupeza chochita ndi manja awo, anagwada n'kusuzumira pansi pa injini. Anadikira kuti paipi izizire, anapisa dzanja, ndipo chala chawo chinatuluka chakuda. Anawalitsa tochi, n'kutiitana. Pomwe pankakhala kamzera kanga kaja panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kutsogolo pang'ono kwa sensa. Anafotokoza kuti paipi inkayamwa mpweya wakunja kudzera pamng'aluwo, sensa n'kumanunkhiza mpweyawo n'kumanena kuti injini ili ndi njala, pamene inali yokhuta. Petulo aliyense amene ankolo ankawonjezera ankangodetsa mapulagi, moto n'kumaphonya, mpweya wosapsa n'kumadutsa, nambala n'kumakwereratu. Injiniyo inalibe vuto kuyambira pachiyambi. Anati ndi ntchito ya mphindi makumi awiri kwa wowotcherera, ndipo anadabwa kuti munthu wodziwa ngati ankolo sanaone mwaye umenewo, poti umaonekera tsiku loyamba lomwe.

Ndinamva mawu anga akutuluka okha. Ndinati ndinkaupukuta ine, sabata iliyonse.

A Derek anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Ankolo anali akadali pampando, manja ali pamaondo. Analankhula m'Chichewa, osati kwa ine, osatinso kwa mzunguyo.

"Ankayeretsa. Ndi mwana waulemu."

A Derek ananena zimene anayenera kunena. Anati za kuuluka azikambirana ankolo akakaonana ndi dokotala wa maso. Anati mng'aluwo ukawotchereredwa, iwo akudziwa woyendetsa wabwino amene angaiulutse ndegeyo ankolo ali pansi, kuti ntchito ya zaka zonsezi isapite pachabe. Ankolo anathokoza. Anati kuonerera anaonerera kale ku Thyolo, ndipo nthawi imeneyo ankaona.

Anatsika okha, anakana dzanja langa. Sanabwererenso kushediko.

Azakhali atamva zonse analira, kenako anakalipa, kenako anandikumbatira. Mpaka lero amati Mulungu anagwiritsa ntchito pakamwa panga kupulumutsa amuna awo kuti asakafere m'munda wa mzungu. Za Okutobala mwina akunena zoona. Koma ine ndimakumbukira Epulo. Mu Epulo ankolo ankawerenga manambala a galimoto zakutsogolo pamsewu waukulu pofuna kundionetsa kuti maso awo ndi a mphamba. Kamzera kaja kakanakhalapo Loweruka lachiwiri, chikhatho chawo chikanakapeza. A Derek akanasaina mu Meyi. Chilimwe chimenecho kunali masiku ambiri opanda mphepo.

Sanandikalipirepo, ngakhale kamodzi. Ankandifunsabe ngati ndadya, ngati kuntchito akundisunga bwino, ngati ndawaimbira amayi kumudzi. Tsiku langa lobadwa anatuma azakhali kukandigulira jekete. Chimene chinasintha ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ankadzibaya chala kuyeza shuga, ndipo kamakinako kamaonetsa nambala imene iwo sankaionanso. Ine ntchito imeneyo ndimagwira tsiku lililonse kwa okalamba a eni. Tsiku loyamba ndinayandikira kuti ndiwawerengere. Anaphimba kamakinako ndi dzanja.

"Itanani azakhali anu."

"Ali kushifiti, ankolo. Abwera madzulo."

"Ndidikira."

Ankadikiradi, kapena ankatuluka ndi ndodo kukagogoda kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Kalata ikabwera inkakhala patebulo mpaka azakhali atafika. Tikaima pamalo okwerera basi ankafunsa mlendo kuti ikubwerayo ndi nambala yanji, ine ndili pambali pawo nditawagwira mkono.

Impso zinawagonjetsa m'chisanu chachiwiri. Kuchipatala, masana ena tili awiri, ndinagwada pambali pa bedi n'kupepesa zonse, za mwaye ndi za nambala. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri koma anatuluka ochepa. Anandisisita pamutu.

"Ndamva, mwanangu. Dzukani, pansipo mpozizira."

Patapita kanthawi namwino analowa kudzasintha botolo la madzi. Ankolo anamufunsa kuti nthawi ili bwanji. Wotchi inali pamkono panga, ndipo dzanja lawo linali litaigwira.

Ndegeyo azakhali anaipereka kwa anthu awiri. Injini inatengedwa ndi mnyamata wina amene anaibwezera m'galimoto. Thupi la ndegeyo linapita pangolo, mapiko atachotsedwa, sindikudziwa kuti.

Lamlungu, mapemphero aja atapita, ndinayendetsa ndekha kupita kufamu. Mlimi ananditsegulira shedi n'kundisiya. Mbali imene kunkakhala ndege sanaikeko kanthu, akuti mwezi wamawa kubwera kalavani ya mlamu wake. Pansi pali simenti yokha ndi zitosi za nkhunda. Pakhoma lakumbuyo pali thabwa lalikulu pamene ankolo ankapachika zipangizo. Zipangizozo zinapita, patsala misomali, ndipo pozungulira msomali uliwonse pali chithunzi cha chimene chinkakhalapo, sipanala, pulayala, nyundo. Thabwalo ndinkaliona Loweruka lililonse zipangizo zili pomwepo, choncho zakumbuyo kwa zipangizozo sindinazionepo. Chithunzi chilichonse anachijambula katatu. Mkati muli mzera wa pensulo, woonda, wowongoka bwino. Pamwamba pake anadutsitsa cholembera chakuda chonenepa. Kunja kwake kuli penti yoyera, yopakidwa mokhuthala ngati chala, yokhotakhota, ina itayenderera pansi. Mzera womaliza wa masipanala ang'onoang'ono ulibe penti. Pamsomali uliwonse anamangapo kachingwe: koyamba mfundo imodzi, kachiwiri ziwiri, kachitatu zitatu, mpaka kumapeto kwa thabwa. Ndinatseka maso n'kuziwerenga ndi zala. Palibe pamene analakwitsa.